Tembenuzani phazi, muone kunsi kwake

Njinga yamoto ya kabaza ikaterereka n'kugwera m'mbali, mwendo wa wokwera ndi umene umatsalira pansi pa chitsulo. Zala zimakanirira pansi, chidendene chili m'mwamba, ndipo kulemera kwa munthu ndi kwa njinga kumapotokola phazi pakati penipeni. Wovulalayo amadzuka, amasasa fumbi, amayesa kuponda, n'kumva ululu wobaya pamsana pa phazi. Anthu amene athamangira pamalopo amamulimbitsa mtima: “Mwangobinya apa achimwene, akakuthoweni ndi madzi otentha kunyumba.”

Ambiri amakhaladi atangobinya, ndipo sabata ziwiri zikatha amaiwala. Koma pali ochepa amene pa mphindi imeneyo mafupa a pakati pa phazi amakhala atasiyana malo, ndipo minyewa imene imawamanga yaduka. Kunja palibe bala. Nthawi zina ngakhale X-ray yoyamba sionetsa kanthu. Anthu amenewa ndi amene timawaona patapita chaka akutsimphina, nsapato ya phazi limodzi itaphwasukira m'mbali, akudandaula kuti phazi silinabwererenso mwakale kuchokera tsiku la ngozi lija.

Kuvulala kwa pakati pa phazi sikuchitika kawirikawiri, n'chifukwa chake n'kosavuta kukuphonya. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti zinthu zimene zingakuulule msanga sizidula ndalama: dzanja lotembenuza phazi, diso loyang'ana kunsi kwake, ndi chithunzi chojambulidwa munthu ali chiimire.

Mafupa asanu osatchuka

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26. Kumbuyo kuli awiri akuluakulu, la chidendene ndi la talus limene limalandira mwendo pa kakolo. Kutsogolo kuli mafupa asanu ataliatali opita ku zala, otchedwa metatarsal, kenako timafupa 14 ta zala. Pakati pa magulu awiriwa pali mafupa asanu afupiafupi amene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nawo: navicular chakumkati, cuboid chakunja, ndi atatu otchedwa cuneiform amene andandalikana kutsogolo kwa navicular.

Amene anayang'anitsitsapo makomo okhota a tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa ndi njerwa pakati pa 1888 ndi 1891, amvetsa msanga mmene mafupawa amagwirira ntchito. Njerwa za pamwamba pa khomo zimagwirana chifukwa cha mmene zinayalidwira, iliyonse kutsamira inzake, ndipo ya pakati ikachoka zonse zimatsika. Mafupa a pakati pa phazi nawo ndi otakata pamwamba, opyapyala kunsi, ndipo pamodzi amapanga uta umene umanyamula thupi lonse. Njerwa ya pakati ndi tsinde la fupa lalitali lachiwiri, lopita ku chala chotsatana ndi chachikulu. Tsinde limeneli linalowa mkati kuposa anzake, n'kukanikizika pakati pa ma cuneiform.

Apa pali kufooka kumene tonse tinabadwa nako. Masinde a mafupa ataliatali, kuyambira lachiwiri mpaka lachisanu, anamangana lina ndi linzake ndi minyewa yopingasa. Pakati pa loyamba ndi lachiwiri palibe mnyewa wotero. Chimene chimagwira mbali ziwirizi ndi mnyewa umodzi wamfupi koma wolimba, wochoka pa cuneiform wamkati kupita pa tsinde la fupa lachiwiri. Umenewu ndi mnyewa wa Lisfranc. Ukaduka, phazi limayamba kutseguka pakati nthawi iliyonse munthu akaponda.

Dzinali ndi la Jacques Lisfranc de St Martin, dokotala wa ku France amene anagwira ntchito m'gulu lankhondo la Napoleon ndipo anamwalira mu 1847. Iye sanalembe za kuchiza mfundo ya Lisfranc, pamene mafupa ataliatali amakumana ndi a pakati pa phazi. Chimene anafotokoza mu 1815 chinali njira yodulira phazi lowola mofulumira, mpeni ukudutsa m'malo olumikizana mafupa popanda kucheka fupa, pa nthawi imene kunalibe mankhwala ogonetsa. Mfundo ina, imene ili kumbuyo pang'ono pakati pa mafupa awiri akuluakulu aja ndi navicular ndi cuboid, imatchedwa ndi dzina la François Chopart, dokotala wa ku Paris amene anamwalira mu 1795, nayenso chifukwa cha njira yodulira phazi. Malo amene akale ankadulapo ndi amene madokotala a lero amavutikira kuwapulumutsa.

Chifukwa chake kumabisala

Mabuku a zachipatala akhala akunena kwa zaka zambiri kuti kuvulala kwa Lisfranc kumagwera munthu mmodzi mwa 55,000 pa chaka, ndipo kuti mwa ovulala asanu alionse, mmodzi amabwezedwa kunyumba ulendo woyamba vutolo lisanadziwike. Madokotala a ku Oslo m'dziko la Norway atafufuza mosamala, pogwiritsa ntchito makina a CT ndi zithunzi za choimirira, analengeza mu 2020 kuti anapeza anthu 14 mwa 100,000 pa chaka. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi kukunena zambiri: kuvulalaku kunalipo kale, maso ndi amene sankakuona. Ngati zinali choncho m'mayiko a makina ambiri, tisadzinamize kuti kwathu kuno n'zosowa.

Kumabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya mphamvu zoopsa: galimoto kugundana phazi lili pa buleki, tayala kuponda phazi, mmisiri kugwa pa denga, thumba la simenti kapena chipika kugwera pamsana pa phazi. Apa phazi limatupa moti palibe angalinyoze, ngakhale kuti wovulala akakhala ndi mabala ena akuluakulu, a m'mutu kapena pamimba, phazi limatha kukumbukiridwa mochedwa. Njira yachiwiri ndi imene imanyenga. Mayi waphonya sitepe atasenza ndowa. Mnyamata akusewera mpira, wagwada zala zili pansi, mnzake n'kumugwera pa chidendene. Wina walowetsa phazi m'dzenje usiku. Mafupa amasuntha pang'ono n'kubwerera pafupi ndi malo ake, koma mnyewa uja waduka kale.

Munthu wotere akagonekedwa pa tebulo la X-ray, phazi lilibe katundu aliyense, ndiye mafupa amaoneka ngati ali m'malo mwake. Amauzidwa kuti fupa lili bwinobwino, ndipo wonenayo sananame, wanena zimene chithunzi chamuonetsa. Mpata umaoneka munthu akaima n'kuponda. N'chifukwa chake odziwa za mafupa amapempha chithunzi cha mapazi onse awiri, wodwala ali chiimire, kuti lovulala aliyerekeze ndi labwino. Pa phazi labwino, m'mphepete mwa fupa lalitali lachiwiri mumayenda mzere umodzi ndi m'mphepete mwa cuneiform wapakati. Mzerewu ukathyoka, kapena mpata wa pa tsinde la fupa lachiwiri ukakula kupitirira mamilimita awiri poyerekeza ndi phazi linalo, nkhani yasintha. Nthawi zina mu mpatamo mumaoneka kachidutswa ka fupa kakang'ono kwambiri kamene mnyewa unazula poduka. Dokotala Mark Myerson ndi anzake anafotokoza chizindikiro chimenechi mu 1986, ndipo kachidutswako, ngakhale n'kochepa chotero, n'kokwanira kutumizira munthu ku chipatala chachikulu.

Kuima pa phazi lotere m'masiku oyamba n'kowawa, ndipo ambiri sangathe. Njira yabwino ndi kulimanga m'chikhakha cha theka, kumupatsa wodwalayo ndodo, n'kumuuza tsiku loti abwerenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kuti adzajambulidwe ataima. Kumene kuli makina a CT, timing'alu tonse timaoneka, ndipo MRI imaonetsa mnyewa weniweniwo.

Koma chizindikiro chimene ndikufuna aliyense achidziwe sichifuna makina. Kunsi kwa phazi, pakati pa uta paja, pamatuluka banga la magazi oundana, lofiirira kapena lakuda, nthawi zambiri patapita tsiku limodzi kapena awiri. Madokotala analilemba m'magazini awo mu 1996 ngati chenjezo la kuvulala kwa Lisfranc. Kubinya kakolo wamba kumadetsa m'mbali mwa phazi, osati kunsi pakati. Khungu la kunsi kwa phazi ndi loyererako ngakhale kwa ife akhungu lakuda, choncho bangali limaoneka, bola phazi litsukidwe ndipo wina alitembenuze. Likapezeka limodzi ndi kutupa kwa pamsana pa phazi, kulephera kuima chonyang'ama pa zala, ndi ululu wina akagwira chala chachiwiri n'kuchikweza ndi kuchitsitsa, munthuyo asapondenso mpaka ataonedwa ndi wodziwa mafupa.

Maola oyamba

Pali zinthu zina zimene sizidikira kuti kuche. Mtsempha waukulu wa magazi wa pamsana pa phazi umatsikira kunsi kudzera pakati pa tsinde la fupa loyamba ndi lachiwiri, pomwe pamavulalapo. Mafupa akaguluka kwambiri amakoka khungu mpaka kuyera, ndipo khungu lotero limafa likasiyidwa. Ayenera kubwezeredwa msanga, wodwala atagonetsedwa kapena atabayidwa jakisoni wopha ululu. Choopsa china ndi kutupa kwa mkati: minofu ya phazi imakhala m'zipinda zothina, ndipo magazi akadzazamo mpaka kutseka mitsempha, minofu imafa, zala n'kudzapindika mpaka kalekale. Ululu umene ukungokulirakulira ngakhale munthu wamwa mankhwala, phazi lolimba gwa, zala zochita dzanzi, zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo.

Apa ndinene mosabisa za kuthowa ndi kutema mphini. Amene amachita zimenezi amachita mwachikondi, ndipo pa zowawa zina kuthowa kumatonthoza. Pa phazi limene mafupa ake asuntha, madzi otentha amawonjezera kutupa, kukoka ndi kusisita kumasunthanso mafupa, ndipo mphini zimasiya mabala pamalo enieni amene dokotala amafuna kudzang'ambapo. Khungu lokhala ndi mabala atsopano limachedwetsa opaleshoni, chifukwa chitsulo chikaikidwa pansi pa bala la mafinya fupa limatha kuwola.

Chikhakha kapena zitsulo

Funso limene dokotala amadzifunsa ndi limodzi: kodi mafupawa akhala m'malo mwake munthuyu akaponda? Ngati yankho ndi inde, chikhakha chimakwanira. Wodwala amayenda ndi ndodo osaponda kwa sabata pafupifupi zisanu ndi imodzi, amajambulidwanso pakati pa nthawiyo kuti aone ngati palibe chasuntha, kenako amayamba kuponda pang'onopang'ono mu nsapato youma pansi.

Ngati mafupa akusuntha, chikhakha chokha sichingawagwire. Kutupa kukaphwa chimakhwepa, ndipo mafupa amaterereka mkati mwake. Pamafunika opaleshoni, koma osati mothamanga: madokotala amadikira masiku khumi kapena sabata ziwiri mpaka khungu litayambanso kuchita makwinya, chifukwa bala losokedwa pa phazi lotupa limaphulika. Akang'amba pamsana pa phazi, amachotsa minofu ndi tizidutswa timene talowa pakati pa mafupa, amabwezera lililonse pamalo pake, n'kulimanga. Mafupa atatu a chakumkati, amene mwachibadwa sagwedera kwambiri, amamangidwa zolimba ndi misomali yopota kapena timapuleti tachitsulo. Awiri a chakunja, amene amafunika kugwedera kuti munthu ayende bwino pa nthaka ya mabampu, amangogwiridwa ndi mawaya amene amazulidwa pakatha sabata zisanu ndi imodzi kapena kupitirira pang'ono.

Pali mtsutso umene madokotala a mapazi sanaumalize. Ena amati mangani mafupa, dikirani minyewa ipole, kenako chotsani zitsulo pakapita miyezi ingapo kuti mfundo zitsale zamoyo. Ena amati mnyewa woduka subwerera mphamvu zake, ndi bwino kupala chichereŵechereŵe cha mfundozo n'kulumikiza mafupa kuti amere pamodzi, akhale fupa limodzi. Mu 2006, madokotala Thuan Ly ndi Chris Coetzee a ku Minnesota m'dziko la America anasindikiza zotsatira za odwala 41 amene minyewa yawo inaduka popanda fupa kuthyoka kwenikweni. Anawagawa pawiri, ndipo patatha zaka ziwiri olumikizidwa mafupa ankayenda bwino kuposa omangidwa chabe. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa, ndipo si madokotala onse amene anasintha maganizo. Pamene mbali zonse zimagwirizana ndi apa: chimene chimaweruza tsogolo la phazi ndi kubwezera mafupa pamalo pake penipeni. Ngakhale zitatero, nyamakazi imatha kulowa. Mwa odwala 48 a ku Seattle amene zotsatira zawo zinatuluka mu 2000, odwala 12 anadzakhala ndi nyamakazi pa mfundozo, ndipo asanu ndi mmodzi anafunika kulumikizidwa mafupa pambuyo pake.

Anthu amaopa akamva zolumikiza mafupa, poganiza kuti phazi liuma ngati la wopuwala. Mfundo zitatu za chakumkati zija zimagwedera pang'ono kwambiri ngakhale pa phazi labwino, choncho ambiri sazindikira kuti chatayika n'chiyani. Nkhani ndi yosiyana pa mfundo ya Chopart, makamaka pamene talus amakumana ndi navicular. Pamenepo ndi pamene phazi limatembenukira mkati ndi kunja, ndipo pakalumikizidwa, kutembenuka konseko kumatsala pang'ono kutheratu. Madokotala amayesetsa ndi mtima wonse kuipulumutsa mfundo imeneyo.

Navicular ndi cuboid

Mafupa awiriwa ali ndi mavuto awoawo. Cuboid amaphwanyika phazi likapotokera kunja mwamphamvu, iye n'kufinyika pakati pa fupa la chidendene ndi mafupa awiri ataliatali a chakunja. Akafupika, mbali yonse yakunja ya phazi imafupika, ndipo zala zimayamba kuloza panja. Ntchito ya dokotala ndi kumufutukula kuti abwerere kutalika kwake, kudzaza mphako yotsalayo ndi fupa lotengedwa pena, n'kumutchinjiriza ndi chitsulo. Cuboid sakonda kuthyoka yekha. Akapezeka wophwanyika, wanzeru amafufuzanso mbali yamkati.

Navicular vuto lake ndi magazi. Mbali yaikulu ya fupali inakutidwa ndi chichereŵechereŵe, ndiye mitsempha ili ndi malo ochepa olowera, ndipo chigawo chapakati chimalandira magazi ochepa kuposa m'mbali. Likathyoka limachedwa kupola, mwinanso chidutswa chimafa. Othamanga, odumpha ndi asilikali amatha kuling'alula popanda ngozi iliyonse, chifukwa chongoliponda mobwerezabwereza. Ululu wake ndi wosalozeka bwino, umabwera pothamanga n'kutha popuma, ndipo X-ray nthawi zambiri siuona mng'aluwo, moti miyezi imatha munthu akumwa mapanado. Dokotala Joseph Torg ndi anzake anaonetsa mu 1982 kuti mankhwala ake ndi chikhakha ndi kusapondetsa phazi kwa sabata zosachepera zisanu ndi imodzi, ndipo kuti kungochepetsa masewero munthu akupondabe sikuthandiza.

Okonda basketball amalidziwa fupali. Joel Embiid, wobadwira ku Cameroon, analithyola mu 2014 atatsala pang'ono kusankhidwa ndi timu ya Philadelphia 76ers, ndipo anakhala panja nyengo ziwiri zathunthu asanasewere mpira wake woyamba. Chet Holmgren wa Oklahoma City Thunder anavulala mfundo ya Lisfranc mu Ogasiti 2022 n'kuphonya nyengo yonse yotsatira. Awa ndi anyamata amphamvu, ozunguliridwa ndi madokotala usana ndi usiku, opanda munda woti akalime. Ngati iwo anafunika nthawi yotalika chotero, wakabaza amene wavula chikhakha pa sabata yachitatu chifukwa ana agona ndi njala akulipira mtengo umene sakuudziwa. Sindikumuweruza. Ndikuti amene akumuthandiza amuuze zoona zonse pa tsiku loyamba, kuti iye ndi abale ake akonzekere miyezi itatu yosagwira ntchito yolemetsa, ndi chaka chathunthu phazi lisanaiwale.

Odwala shuga

Gulu lina limene limandidetsa nkhawa ndi la odwala matenda a shuga amene mapazi awo anachita dzanzi. Kwa iwo mfundo za pakati pa phazi zimatha kugumuka popanda ngozi yokumbukika komanso popanda ululu woti n'kuwaletsa kuyenda. Phazi limatupa, limafiira, limatentha kuposa linzake, koma bala palibe. Matendawa amatchedwa ndi dzina la Jean-Martin Charcot, dokotala wa ku Paris amene anafotokoza mu 1868 za mfundo zowonongeka chifukwa cha mitsempha yakufa. Kawirikawiri amasokonezedwa ndi chotupa cha tizilombo, munthu n'kupatsidwa mankhwala akupitiriza kuyenda, mpaka uta wa phazi utatembenuzika, fupa n'kumaponda pansi pakati pa phazi. Pamenepo pamabuka chilonda chosapola, ndipo ambiri amathera kudulidwa mwendo. Vutoli likagwidwa msanga, chithandizo chake ndi kupumitsa phazi m'chikhakha chosinthidwa pafupipafupi kwa miyezi ingapo, mpaka kutentha ndi kutupa zitatha.

Kwathu kuno

M'Malawi, othyoka mafupa ambiri amayamba kukumana ndi ma orthopaedic clinical officer, amene maphunziro awo a miyezi 18 anayamba mu 1985 pofuna kuti boma lililonse likhale ndi wodziwa mafupa. Anthu amenewa ndi amene anyamula ntchito ya mafupa m'dziko muno kwa zaka zonsezi, nthawi zambiri ndi chikhakha, zokokera ndi manja awo. Opaleshoni yomanga mafupa a pakati pa phazi imafuna dokotala wa mafupa, zitsulo zoyenera ndi makina ojambula ali m'fiyeta, zinthu zimene zimapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chili pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Mizere kumeneko ndi yaitali, ndipo phazi lotupa lopanda bala limapikisana ndi ntchafu zothyoka ndi mafupa otulukira kunja.

Choncho gawo la chipatala cha pa boma ndi lalikulu. Kumeneko ndi kumene phazi lingatembenuzidwe, wodwala n'kuimitsidwa pojambula, kalata yotumizira n'kulembedwa sabata yoyamba. Nthawi ndi yofunika chifukwa sabata zisanu ndi imodzi zikadutsa, mafupa amakhala atayamba kuzolowera malo olakwika, zipsera zadzaza m'mipata, ndipo kuwabwezera kumavuta kwambiri. Nayenso wodwala ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu: “Adokotala, kunsi kwa phaziku kwada, ndipo sindikutha kuponda. Kodi simungandijambule nditaima?” Wosuta fodya adziwenso kuti utsi umachedwetsa fupa kumera, makamaka mafupa akalumikizidwa.

Amene anachedwa asataye mtima. Phazi limene linaphwa, lokhala ndi chotupa cholimba pamsana pake ndipo limawawa munthu akayenda mtunda, lingathandizidwebe. Ena zimawakwanira nsapato youma pansi yokhala ndi chotchinjiriza uta mkati, pamodzi ndi mafizo olimbitsa katumba ndi kakolo. Ena amafunika opaleshoni yaikulu yowongola phazi ndi kulumikiza mfundo zowonongekazo, imene cholinga chake ndi kuchotsa ululu ndi kubwezera phazi loponda mosalala. Pambuyo pake pamabwera sabata zisanu ndi zitatu mpaka khumi ndi ziwiri za ndodo, ndipo kutupa kwa madzulo kumatha kupitirira kwa miyezi yambiri zitsulo zitagwira kale.